ANA PA MALIRE A CHAMA

Usiku uno tikambe za ana amene alowetsedwa m'dziko lino popanda cilolezo.

Tiyambire ku Chama, dziko la Asenga, kwa Mfumu Yaikulu Kambombo. Kum'mawa kwace kuli Malawi. Malire aja ngatali, njira za m'thengo nzambiri, ndipo anthu a mbali ino ndi mbali iyo ndi pacibale. Cifukwa cace munthu woipa angathe kuolotsa mwana osaoneka konse.

Ana ena acokera pafupi. Atengedwa kukaweta ng'ombe, kulima fodya kapena kugwira nchito m'nyumba, atalonjezedwa sukulu ndi malipiro amene sawaona. Ena acokera kutali, monga ku Ethiopia, pa ulendo wa ku South Africa. Ulendo umenewo ngwoopsya. Mu October 2022 mitembo pafupifupi 30 inapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba, ndipo mu December caka comweco mitembo 27 inatayidwa ku Ngwerere, pafupi ndi Lusaka. Njira imene inapha anthu aja ndiyo imene ananso ayendamo.

Nanga Boma licitapo ciani? Lamulo la 2010 loyang'anira olowa ndi oturuka liti mlendo ali yense alowere pa cipata codziwika, ali ndi makalata ace. Lamulo la 2008 loletsa malonda a anthu, limene linalimbitsidwa mu 2022, lipereka cilango ca zaka 20 m'ndende kapena kuposapo. Ndipo wogwidwa sangadzipulumutse ponena kuti makolo a mwana anabvomera. Lamulo la ana la 2022 liti pa mlandu uli wonse ciyambe kuganiziridwa ndi ubwino wa mwanayo.

Apa mumvetse bwino. Mwana wopezeka wopanda makalata sindiye mbala ai. Mlandu uli pa amene anamtenga. Mwanayo ayenera kupita m'manja mwa a Social Welfare, asungidwe pa malo abwino, abale ace afunidwe, ndipo ngati kwao kuli mtendere abwezedwe. Bvuto nlakuti nyumba zosungiramo ana otere nzocepa, ndipo Chama ali kutali.

Tsono inu a ku Kitwe ndi ku Mufulira, kumbukirani kuti makolo athu anayenda pansi kupita ku Wankie ndi ku Joni, ndipo ena sanabwerere, anasanduka macona. Iwo anali akulu. Mwana wa zaka 10 adzabwerera bwanji?

Mukalembera kumudzi kuti akufunireni kamtsikana kolera mwana, funsani kumene kacokera ndi amene kakakhala nako pa njira. Mukaona mwana wacilendo ali m'mabvuto, uzani a Mfumu, a Polisi, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Gonani bwino nonse.