Maliro amene anthu amanong'onezana

Lero tiwerenga 2 Samueli, kumapeto kwa mutu 18 ndi kuyamba kwa mutu 19.

Abisalomu anali mwana wopanduka. Anafuna kulanda ufumu wa atate ake, ndipo imfa yake anaiputa yekha. Koma uthenga utafika, Davide anakwera m'cipinda ca pamwamba pa cipata, nalira mokweza akuchula dzina la mwanayo. Yowabu, mkulu wa asilikali, anamudzudzula kuti akucititsa anthu manyazi polira mdani.

Ndikamba ndi inu amene munaika m'manda mwana, mwamuna kapena mlongo wanu cifukwa ca kumwa mopyola muyeso mowa kapena mankhwala. Boma linaletsa tujilijili mu 2012, koma kacasu akadalipo, ndipo acinyamata ena amamwa mankhwala a cifuwa okhala ndi codeine kuti aledzere. Pa maliro otere a Yowabu sasowa. Amakhala pamoto usiku n'kumati, "Anazifuna yekha," kapena, "Makolo anamulekerera." Mwina munalira motsitsa mawu poopa anthu amenewa. Lirani momasuka, amayi. Lirani, atate. Munabala munthu, ndipo anali ndi dzina.

Cimene cimakusowetsani tulo ndi funso lakuti: bwanji sindinamudzutse? Mvetsani mmene imfayi imabwerera. Codeine akasakanizika ndi mowa amafooketsa kupuma. Munthu amaliza mkonono, n'kumaoneka ngati wagona tulo tofa nato, pamene mpweya ukucepa m'thupi. Munamufunditsa bulangete poganiza kuti adzuka m'mawa monga masiku onse. Munacita zimenezo mwa cikondi, ndipo simunali dokotala.

Ife otsala tidziwe izi: woledzera akapanda kudzuka pomugwedeza, kupuma kwake kuli kwapatalipatali, mugonekeni cammbali kuti masanzi asamutsamwe, musamumwetse kanthu, musamusiye yekha. Pitani naye ku kiliniki usiku womwewo, kaya pa ngolo kaya pa njinga. Manyazi muwasiye kunyumba.

Ena mumafunsa kuti mzimu wake uli kuti. Ine si woweruza, ngakhalenso anansi anu. Anthu anaona botolo cabe. Mulungu anaona ndi masiku amene mwanayo anayesa kuleka nalephera, ndiponso ndi Iye yekha adziwa zimene zinali mumtima mwake pa ola lomaliza. Kumbukirani wacifwamba uja pa mtanda, amene Yesu anamulandira kutatsala maola ocepa kuti afe.

Ngati muli ndi mkwiyo pa malemuyo cifukwa anagulitsa mbuzi zanu kapena anakunamizani kambirimbiri, musadabwe. Mkwiyo ndi cikondi zimagona m'nyumba imodzi pa maliro otere. Muuzeni Mulungu zonse mmene zilili, sadzakuthamangitsani.

Tsono inu a mumpingo, nchito yanu imayamba pamene acibale ameta n'kubalalika. Pamenepo m'pamene nyumba imazizira. Pitani mukapalire nawo munda, amayi a cigwirizano mukasinje nawo. Mukakhala pansi, chulani dzina la malemuyo, mufunse zabwino zimene ankacita, pakuti amake amalakalaka wina atawafunsa. Ndipo anzake aja amene ankamwa naye, amene anaima patali kumanda, musawapirikitse. Nawonso ali pa cisoni, ndipo botolo lomwelo likuwadikira madzulo ano. Mmodzi wa akulu a mpingo akawapeze sabata lino.

Tiyeni tiweramitse mitu, tipempherere mabanja amenewa.