Galu Woyenda Yekha ndi Mwini Wace



Pa misika ya ku Chipata, Katete ndi Petauke, pa zitsime, pa maliro, ngakhale pa mabwalo a sukulu, agalu oyenda okha sasowa. Koma ambiri a iwo ali ndi eni ace. Mwini galu amkumbukira pa tsiku la uzimba, kapena usiku pofuna mlonda wa khola. Kukaca amleka kuti adzifunire yekha cakudya m'madzala a anthu ena. Galu wotere akaluma mwana, mwiniyo angoti, "Galu wanga saluma, mwanayo ndiye wamputa." Koma mlandu uli pa munthu, pakuti galu sadziwa lamulo, mwini wace ndiye alidziwa.

Coopsa ceniceni ca bala la galu ndico ciwewe. Kacirombo ka nthendayi kakhala m'malobvu a nyama yodwala, monga galu kapena nkhandwe. Kakalowa pa bala, kayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kufikira ku ubongo. Kawirikawiri papita miyezi 2 kapena 3 munthu asanadwale, ndipo pofika nthawiyo bala lapola, anthu naiwala. Zizindikiro zikaoneka, monga kubwebweta ndi kuopa madzi, ciyembekezo ca kucira catha. Bungwe la World Health Organization liwerengera kuti ciwewe cipha anthu ngati 59,000 caka ndi caka, makamaka mu Africa ndi Asia, ndi kuti mwa anthu 10 akufa naco, 4 ndiwo ana osafika zaka 15. Amenewo ndiwo a msinkhu wokhala pa mabenci a sukulu.

Imfa zimenezi nzolewereka. M'caka ca 1885, ku Paris, Louis Pasteur anapereka katemera kwa Joseph Meister, mnyamata wa zaka 9 amene analumidwa ndi galu waciwewe, ndipo mnyamatayo sanadwale. Maiko akumbukira nthendayi pa 28 September, tsiku limene Pasteur anamwalira mu 1895. Akatswiri apezanso kuti agalu 7 mwa agalu 10 a m'dera akalandira katemera, nthendayi isowa poyenda nizilala. Muno m'Zambia lamulo lochedwa Control of Dogs Act lipatsa Boma mphamvu ya kulembetsa agalu ndi kulamula kuti amangidwe pamene ciwewe cabuka. Nzeru ilipo, lamulo liripo. Cosowa ndico kumvera kwa eni agalu.

Nanga mphunzitsi acite ciani? Nchito yace iri patatu.

Poyamba, aphunzitse ana makhalidwe oyenera pamaso pa galu. Mwana asamponye miyala, asamsautse pakudya, asayandikire galu wokhala ndi tiana. Galu akamthamangira, mwana aime nji ngati mtengo, manja ali m'mbali, osamyang'ana m'maso. Pakuti wothawa ndiye apirikitsidwa. Galu wocuca dobvu, woluma zinthu wamba, kapena wofatsa modabwitsa cibwano ciri lende, amlambalale, nakauze akulu msanga.

Kaciwiri, adziwe cocita mwana akalumidwa. Bala litsukidwe pomwepo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo mwanayo apite ku cipatala tsiku lomwelo kukalandira katemera, cinkana bala liri laling'ono. Kuthira phulusa kapena mankhwala a zitsamba kungotaya nthawi. Galuyo, ngati nkotheka kumgwira popanda ngozi, amangidwe, ndipo a za ziweto auzidwe kuti amyang'anire masiku 10. Koma mwana asadikire masikuwo kunyumba. Mphunzitsi akumbukirenso kuti ana ambiri abisa bala poopa cikwapu. Cifukwa cace alonjeze poyera kuti mwana woulula kuti galu wamluma sadzalangidwa konse.

Kacitatu, alankhule ndi eni agalu, ndipo apa ndipo pali pobvuta. Mwini galu kapena ndi nduna ya mfumu, kapena kholo limene linaumba njerwa za sukulu, ndipo mphunzitsi wacinyamata acita manyazi kumdzudzula. Asalimbane naye pa gulu. Apite ndi nkhaniyo kwa mfumu ya mudzi ndi ku msonkhano wa makolo, napemphe zinthu zapafupi: kuti galu adyetsedwe kwao, amangidwe pa nthawi imene ana apita ndi kubwera ku sukulu, asatengedwe ku msika kapena kumowa wopanda cingwe, ndi kuti alandire katemera caka ciri conse. A za ziweto akalengeza tsiku la katemera, mphunzitsi alilembe pa bolodi, ana akalinene kwao.

Akulu akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwini galu akumbutsidwe mwaulemu kuti galu wace akatenga ciwewe kunjira, madzulo abwera naco pa khomo pamene ana ace omwe asewera.