Musanagule njinga yamoto yakale, onani mapepala kaye

Alimi anzanga, ndalama za fodya ndi soya zikangolowa, ogulitsa njinga zamoto zogwiritsidwapo kale ntchito amatipeza okha pakhomo. Sindikukuletsani kugula ayi. Njinga ya 125cc kapena 200cc imafikitsa mkaka ndi tomato kumsika zisanawonongeke. Koma musakopeke ndi penti.

Yambani ndi blue book. Nambala ya injini ndi ya chasisi zifanane ndi zolembedwa m'menemo, ndipo mwini wake apite nanu ku Road Traffic kukasintha umwini. Njinga zina zimalowa m'dziko muno mozemba, popanda pepala lililonse. Yotereyo apolisi akaigwira pa rodibuloko, thukuta la chaka chonse lapita.

Kenako muilize nokha m'mawa injini ikadali yozizira. Mukapeza wogulitsa waitenthetsa kale, mwina pali chimene akubisa. Pa Yamaha AG 200 kapena Honda XL 125, utsi wabuluu ndiye kuti ikudya oilo. DT 125 musaidandaule, imafuka mwachibadwa.

Pomaliza, funsani makaniko wa kwanuko ngati masipeya ake amapezeka, ndipo mutsaze ndalama ya helemeti, inshulansi ndi matayala.