Pamela, Sikelo ndi Lisiti: Ufulu wa Wogula m'Makomboni a Lusaka

Lero tikambirana za kugula. Ambiri mwa inu, makamaka a ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George, mumatumidwa tsiku ndi tsiku kukagula mchere, saladi, malasha kapena unga. Tsono inunso ndinu ogula, ndipo lamulo la dziko lino likutetezani monga momwe litetezera bambo wa galimoto amene agula ku Manda Hill.

Kafunseni agogo anu za zaka za m'ma 1980. Adzakuuzani kuti anthu anali kulawira m'mamawa kukaima pa mzere ku masitolo a boma monga ZCBC ndi NIEC, kudikira shuga, sopo ndi saladi, ndipo kawirikawiri anabwerera chimanjamanja. Mtengo wa unga utakwera mu Juni 1990, mu Lusaka munabuka chipolowe ndipo anthu anafa. Masiku amenewo wogula sanali kufunsa mafunso, pakuti chimene wapeza ndicho chomwecho. Kuyambira 1991 boma linamasula malonda. Shoprite inafika mu 1995, Manda Hill inatsegulidwa mu 1999, ndipo tuntemba tunadzaza m'njira zonse za m'makomboni. Katundu anachuluka, ndipo wina asakunamizeni kuti masiku a mizere anali abwino koposa. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Matope oyamba ndi awa. Mu 1969 anthu a mu Lusaka sanafike 300,000, koma pa kalembera wa 2022 anapitirira 2 miliyoni. Nyumba ndi misika zinamera msanga kuposa mipope ndi ngalande. Mapulasitiki amene timanyamulira zogula amatseka ngalande zochepa zomwezo. Ku Kanyama pansi pali mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu, kotero kuti mvula ikagwa, zonyansa za m'zimbudzi zimalowa m'zitsime. Ndi chifukwa chake kolera inavuta kwambiri mu 2017 ndi 2018, ndiponso mu 2023 ndi 2024, pamene odwala anagonekedwa m'bwalo la mpira la National Heroes ndipo masukulu sanatsegulidwe mpaka Febuluwale. Wogula chakudya chosavundikira kapena madzi osadziwika kumene atungidwa angagule matenda ndi ndalama yake yomwe.

Matope achiwiri sawoneka ndi maso, afuna masamu. Tengani pensulo. Tiyerekeze kuti thumba la unga la makilogalamu 25 ligulidwa K300. Kilogalamu imodzi ndi zingati? Ndi K12. Tsono mayi amene alibe K300 agula kathumba kakang'ono kamene timakatcha pamela. Tinene kuti kali ndi theka la kilogalamu ndipo mtengo wake ndi K10. Kwa mayiyu kilogalamu imodzi yafika K20, ndipo pomadzamaliza makilogalamu 25 adzakhala atalipira K500. Mwaona? Wosauka ndiye walipira zambiri. Musafulumire kunena kuti wogulitsa pamela ndi wakuba. Iyenso ndi mnansi wanu, afuna kudyetsa ana ake, ndipo popanda iye mabanja ambiri akadagona ndi njala. Koma ndi bwino kuti banja lidziwe mtengo weniweni wa chimene ligula, pakuti mabanja awiri kapena atatu angathe kusonkherana, kugula thumba lathunthu ndi kugawana.

Pamela ili ndi vuto linanso. Pa thumba lalikulu palembedwa dzina la kampani yogaya ndi kulemera kwa ungawo, koma pa pamela palibe chilembo ngakhale chimodzi. Mu 2024 agalu ambiri anafa, ndipo boma litafufuza linalengeza mu Ogasiti kuti mu unga wa makampani ena munapezeka poizoni wotchedwa aflatoxin, wochokera ku chuku cha chimanga chosasungidwa bwino, amene amawononga chiwindi. Unga umenewo unachotsedwa pa malonda. Amene anali ndi thumba anatha kuwerenga dzina ndi kudziwa ngati unga wake unali m'gulu limenelo. Nanga wa pamela akadawerenga pati? Choncho musachite manyazi kufunsa mwaulemu kuti, "Amayi, unga uwu mwautapa m'thumba liti?"

Tsopano mverani zimene lamulo linena. Mu 2010 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza ogula, ndipo bungwe loliyang'anira ndi Competition and Consumer Protection Commission, mwachidule CCPC. Lamuloli linena kuti wamalonda saloledwa kukulipiritsani kuposa mtengo wolembedwa pa katundu. Wogulitsa chinthu chowonongeka ayenera kubweza ndalama kapena kupereka china chabwino. Chikwangwani chimene mumachiona m'masitolo ena, chonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa, n'choletsedwa ndi lamulo, chingakhale chitalembedwa ndi zilembo zazikulu chotani. Umboni wanu ndi lisiti, tsono musalitaye pakhomo pa sitolo. Pa kantemba lisiti silipezeka kawirikawiri. Pamenepo onani chinthucho bwinobwino musanapereke ndalama, werengani tsiku limene chithera mphamvu, kanani chitini chotupa kapena chadzimbiri, ndipo werengani chenji muli pomwepo.

Masikelo nawonso ali ndi owayang'anira. Bungwe la Zambia Metrology Agency, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2017, limayesa masikelo a m'mabuchala ndi m'masitolo pamodzi ndi mapampu a petulo, ndipo limamata chizindikiro pa chimene layesa. Mukatumidwa nyama, yang'anani ngati sikelo ili pa ziro asanaikepo kanthu. Mwana wa Giredi 5 angathe kuchita zimenezi.

Kwa inu aphunzitsi: tsiku la 15 Malichi ndi tsiku lokumbukira ufulu wa ogula pa dziko lonse, pakuti pa tsikuli mu 1962 John F. Kennedy, mtsogoleri wa America, anatchula ufulu wa wogula wotetezedwa ku katundu woopsa, wouzidwa zoona, wosankha ndi womvedwa. Lembani zinayizi pa bolodi. Kenaka uzani ana abweretse mapaketi ndi zitini zopanda kanthu, zotsuka bwino, kuti apezepo dzina la wopanga, kulemera kwake ndi tsiku lothera mphamvu. Ngati sukulu ili ndi sikelo, gulani mapamela atatu m'malo atatu osiyana, muwayese pamaso pa kalasi, ndipo ana awerengere okha mtengo wa kilogalamu imodzi pa iliyonse. Mayankho alembedwe m'makope a masamu, ndipo madzulo ano mwana aliyense akawaonetse kwa amene amamutuma kukagula.