Dzuwa la Okutobala Likapeza Munthu wa Njala

Mau olankhulidwa kwa abusa, akulu a mpingo, atumiki ndi amayi a Chigwirizano m'boma la Luangwa (Feira)

 Pa misonkhano ya pambuyo pa chilala timakonda kukamba za mbewu, za mbuzi ndi za chimanga cha thandizo. Lero tapempha nthawi kuti tikambe za dzuwa. Tikudziwa kuti ena aseka chamumtima, pakuti munthu wobadwira kwa Mfumu Mburuma kapena kwa Mfumu Mphuka sangaphunzitsidwe za kutentha ndi mlendo. Nzoona, dzuwa la kuno mumalidziwa kuposa ife. Koma thupi limene limapirira dzuwa ndi thupi lokhuta, ndipo chilala chikadutsa chimasiya matupi ofooka m'nyumba zambiri.

Kuno kumene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi, moyang'anana ndi Zumbo ndi Kanyemba, ndi kumene dziko la Zambia linatsika kuposa kwina kulikonse. Malo ano ali mamita 329 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Lusaka ili mamita pafupifupi 1,280. Munthu akamatsika mamita 1,000, mpweya umatentherako pafupifupi madigiri 6. Nchifukwa chake mu Okutobala ndi Novembala kuno kumafika madigiri 40 ndi kupitirira, mitengo ya tsanya itayoyola masamba, nyenje zikulira tsiku lonse. Tsono miyezi yomweyi ndi imene nkhokwe zimakhala zitatha, ndiponso ndi imene ntchito yokonza minda imatiitana. Njala, ntchito ndi dzuwa zimakumana pa munthu mmodzi.

Akuluakulu mukukumbukira chilala cha 1992, chimanga chachikasu chija, ndi ntchito zokonza misewu zimene anthu ankalipidwa chakudya. Ana athu aona chawo mu 2024, pamene pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo chimanga cha pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chinauma. A bungwe loona za nyengo pa dziko lapansi la WMO anatsimikiza kuti chaka cha 2024 chinatentha kuposa zaka zonse za m'mbuyo mwake zimene zinalembedwa. Choncho agogo akamati dzuwa la masiku ano silili ngati lakale, si ukalamba umene ukulankhula.

Thupi la munthu limafuna kukhala pa madigiri 37. Likayamba kutentha limatulutsa thukuta, ndipo thukutalo likamauma pakhungu limachotsa kutentha, monga mmene mtsuko wadothi umaziziritsira madzi pamene ukuchucha kunja kwake. Munthu wolima kapena wopalasa bwato padzuwa angathe kutaya lita imodzi ya madzi pa ola limodzi, pamodzi ndi mchere wa m'thupi. Amene wadya nsima ndi ndiwo amabwezera mcherewo osadziwa. Amene walawa masau okha chim'mawa, kapena mayi amene wasiyira ana gawo lake, alibe pobwezera. Ameneyu ndiye amayamba kumva mutu, chizungulire, mseru ndi kukokana kwa minofu ya m'miyendo. Akafika apa, akhale pamthunzi, amasule zovala, amwe madzi pang'onopang'ono, ndipo tsiku limenelo asabwererenso ku khasu.

Pali gawo lachiwiri limene limapha, ndipo tikupempha kuti aliyense achoke pano akulidziwa. Thupi likapitirira madigiri 40, ubongo umasokonezeka. Munthu amayamba kuyankhula zosamveka, kuyenda dzandidzandi ngati woledzera, kukalipa popanda chifukwa, kapena kugwa ndi kuphupha ngati wa khunyu. Khungu lake limatentha kwambiri. Thukuta lingakhalepo kapena ayi, musadikire kuti liume. Chizindikiro chachikulu ndi kusokonezeka kwa mutu pa munthu amene anali padzuwa kapena m'nyumba yotentha. Pa mudzi anthu amafulumira kunena kuti wamwa kachasu, ena amati zam'gwera zapansi, ndipo pamene akutsutsana nthawi ikutha.

Munthu wotere muziziritseni pomwepo musanaganize za ulendo. Mukokereni pamthunzi, mvuleni zovala zolemera, mthireni madzi thupi lonse, ndipo wina azimukupiza ndi lichero kosalekeza. Nsalu zonyowa ziikidwe m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, ndipo zizinyowetsedwa kawirikawiri. Ngati sakuzindikira bwino musamumwetse kanthu, angatsamwe. Mgonekeni chammbali. Panadolo sachotsa kutentha kwa mtundu umenewu, choncho musataye nthawi kumufunafuna m'nyumba za anzanu. Pamene ena akuthira madzi, wina athamange kukafuna galimoto, njinga yamoto kapena ngolo yopita ku kiliniki, ku Katondwe kapena ku chipatala cha pa Boma, ndipo pa njira ponse madzi ndi lichero zisaleke. Kumeneko akamupimanso malungo, chifukwa malungo akakwera m'mutu amafanana ndi zimenezi, ndipo ife pamudzi sitingasiyanitse.

Kumwa madzi kumene tonse timati tikudziwa kulinso ndi nzeru zake. Ludzu limachedwa kubwera, makamaka kwa okalamba. Wogwira ntchito padzuwa azimwa kapu imodzi pa mphindi 15 kapena 20 zilizonse, osati kugugudiza chigubu chonse kamodzi ataweruka. Chokuuzani zoona ndi mkodzo: ukakhala wochepa ndi wofiirira ngati tiyi, madzi achepa m'thupi, ndipo impso ndi zimene zikuvutika. Ku Nicaragua ndi ku El Salvador amuna ambiri odula nzimbe m'minda yotentha anadwala impso asanakalambe, ndipo kugwira ntchito yolemetsa padzuwa popanda madzi, mthunzi ndi kupuma ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zimene madokotala amatchula. Thobwa, phala la malambe ndi madzi a bwemba ndi zabwino, ndipo kuno tili nazo. Wotsekula m'mimba kapena wofooka ndi thukuta apatsidwe ORS, uja akuluakulu mumamukumbukira ndi dzina la Madzi a Moyo. Paketi ikasowa, tengani lita imodzi ya madzi abwino, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Mchere musapyoze muyeso. Mowa, kaya ndi kachasu wa masau, umakodzetsa ndipo umamuiwalitsa munthu kuti wakhala padzuwa nthawi yaitali.

Mijigo ikayamba kuchepa madzi, ambiri amatsikira kumtsinje. Madzi a kumeneko awiritsidwe kapena athiridwe klorini, chifukwa kutsekula m'mimba pa nthawi yotentha kumamaliza mwana msanga, ndipo kolera wa 2023 ndi 2024 sitinamuiwale. Za ng'ona sitikuphunzitsani ndife, koma tikudziwa kuti kutentha kumawakokera ana kumadzi, ndiye pafunika wamkulu wowaletsa kusambira pa madooko oopsa.

Tsopano tifike pa chimene tadzera. Dzuwa sitingalitsitse, koma maola a ntchito ndi a misonkhano ali m'manja mwathu, ndipo ambiri a iwo amaikidwa ndi anthu amene mwakhala panowa. Mizinda ya m'chipululu inafika pochita kuika lamulo. Ku Qatar, kuyambira mu 2021, nkoletsedwa kugwiritsa anthu ntchito panja kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka hafu pasiti 3 masana, kuchokera pa 1 Juni mpaka pa 15 Seputembala. Ku Mecca, mu Juni 2024, kutentha kunapitirira madigiri 50 pa nthawi ya Hajj, ndipo anthu oposa 1,300 anamwalira, ambiri a iwo atayenda mitunda yaitali popanda mthunzi. Anali anthu opita kukapemphera monga mmene nafenso timayendera kupita ku misonkhano yathu, ndipo dzuwa silinawasiye.

Nanga ife tsiku logawa chimanga timatani? Anthu amalawira mbandakucha kuchokera kutali, galimoto imafika 11 koloko, mayina amaitanidwa mpaka 3 koloko, ndipo pa mzere pali agogo, amayi oyembekezera ndi makanda kumbuyo. Kenaka mayi yemweyo asenze thumba kubwerera kwawo dzuwa lili paliwombo. Tikupempha makomiti kuti kugawa kuzichitika m'mawa kapena madzulo, pansi pa mtengo, pakhale mgolo wa madzi abwino ndi makapu, ndipo ofooka aziyamba kulandira. Galimoto ikachedwa, nkwabwino katundu agone m'tchalitchi ndi kugawidwa m'mawa mwake. Ntchito zachitukuko nazonso ziziyamba kukangocha, zizileka pofika 10 koloko, ndipo wolemba mayina asamudule munthu tsiku chifukwa chakuti anakapuma pamthunzi. Wobwera kumene kuchokera ku Lusaka kapena ku Chipata, ngakhale ali mwana wa kuno, thupi lake limafuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti lizolowere, choncho asapikisane ndi anzake tsiku loyamba.

Alimi amene mumalima m'maenje, monga mmene bungwe la Conservation Farming Unit linayambira kuphunzitsa mu 1996, mukudziwa kuti maenjewo amayenera kukumbidwa mutangokolola, mu Meyi, Juni ndi Julaye, nthaka isanalimbe ndiponso kukali kozizira. Wowasiya mpaka Okutobala amalipira kawiri, ndi khasu ndiponso ndi thupi.

Pa maliro mpamene pamativuta kunena, koma tinene ndithu. Adzukulu amakumba nthaka youma gwa, anthu amayenda kupita kumanda masana, ndipo kumandako olankhula amachuluka. Palibe amene amafuna kuoneka ngati wathawa maliro, kotero okalamba amapirira chiimire mpaka miyendo itawakana. Mkulu wa mpingo akagwirizana ndi anyakwawa ndi abanja kuti mwambo uyambe m'mawa ndi kuti olankhula achepe, palibe ulemu umene wachotsedwa kwa womwalirayo. Ndipo abusa atikhululukire, tchalitchi cha malata pa 12 koloko mu Novembala chimasanduka uvuni. Kuyamba mapemphero 7 koloko kwa miyezi iwiri yokha sikungagwetse mpingo, ndipo ulaliki waufupi sunaphepo munthu. Mazenera onse atsekulidwe, mtsuko ukhale pakhomo.

Amayi, khanda losakwana miyezi 6 lisapatsidwe madzi ngakhale kutenthe bwanji. Liyamwe kawirikawiri, ndipo madziwo amwe ndinu. Musalifunditse mabulangeti ndi zipewa zaubweya masana. Likaleka kukodza, likamalira popanda misozi, kapena liwombo likalowa, pitani nalo ku kiliniki tsiku lomwelo. Kulowa kwa liwombo ndi kuchepa kwa madzi m'thupi, ndipo mankhwala opaka pamutu sangabwezere madziwo. Odwala shuga, mtima ndi BP nawonso amafooka msanga. Asaleke mankhwala awo okha, koma akafunse ku kiliniki mmene angachitire m'miyezi yotentha.

Abale athu achialubino dzuwa limawavulaza mwa njira inanso. Khungu lawo lilibe chitetezo chimene khungu lakuda lili nacho, ndipo zilonda za dzuwa zikachuluka zimasanduka khansa ya pakhungu. Mwana wotere amafunika malaya a manja aatali, chipewa chachikulu chophimba makutu ndi khosi, mafuta oteteza ku dzuwa pamene apezeka, ndi ntchito za pamthunzi. Asatumidwe kukaweta mbuzi kapena kukakhala m'bwato masana. Chilonda chimene sichikupola chionetsedwe ku chipatala msanga. Manja amene amaluka madengu a mlaza ogulitsa pa Luangwa Bridge angathenso kuluka zipewa zotere, ndipo amayi a Chigwirizano angayambe ndi ana a mumpingo mwawo.

Atumiki, lembani mayina a okalamba amene amakhala okha ndi odwala amene sadzuka. Amenewa sagwa panjira pamene anthu angawaone. Amafookera m'nyumba, chitseko chili chotseka, mtsuko uli wouma. Dzina lililonse lipatsidwe wachinyamata mmodzi wokatunga madzi m'mawa ndi kukasuzumira masana, ndipo akapeza agogo ali m'nyumba ya malata awatulutsire pamphasa pansi pa mtengo.

Mitengoyo nayo ikuchepa pa midzi yathu. Pofuna nkhuni kapena makala, siyani bwemba ndi msikidzi, chifukwa zimasunga masamba pamene tsanya wayoyola. Msangu ndiye bwenzi la mlimi wa kuno: umakhala ndi masamba m'chilimwe, umawagwetsa mvula ikayamba, kotero suphimba mapira, ndipo nyemba zake mbuzi zimadya. Mbande zibzalidwe mvula ikakhazikika mu Disembala, kumadzulo kwa nyumba ndi kwa tchalitchi kumene dzuwa la masana limawomba khoma, ndipo mbande iliyonse itchingidwe ndi minga chifukwa cha mbuzi.