Bwato la Mpikisano Liyenerane ndi Mwini Wake



Nkhani yathu lero yachokera m'kalata imene atilembera mayi ena, mbadwa ya dziko lino, amene akugwira ntchito ku Cape Town. Mayiŵa akuti analoŵa kalabu ya anthu opikisana pa kupalasa mabwato pa nyanja yamchere, ndipo akhala akusunga ndalama kuti agule bwato laolao. Koma pali chimene chikuŵasautsa. Thupi lao limalemera makilogalamu 55 okha, ndipo bwato lobwereka limene akuphunzirirapo, mphepo ikangouka, limakana kuŵamvera. Tsono akufunsa kuti: kodi cholakwa chili ndi iwo, kapena chili ndi bwato?

Tisanayankhe, tiyambe talidziŵa bwatolo. Dzina lake ndi kayak. Ndi bwato lalitali koma lochepa m'lifupi, lokwera munthu mmodzi, ndipo amalipalasa ndi nkhafi ya mitu iŵiri. Eni ake enieni ndi anthu a kumaiko ozizira a kumpoto, monga a Inuit a ku Greenland, amene ankakuta zikopa pa chimango cha mitengo ndi kupita nalo kosaka nyama za m'nyanja. Anthuŵa sankagula bwato pamsika. Mmisiri ankayesa thupi la mwini bwato: m'litali, kaŵirikaŵiri ankatenga mikono yotambasula katatu, m'lifupi, ankatenga chiuno cha munthuyo ndi kuwonjezapo nkhonya ziŵiri. Motero bwato linkasokedwa monga momwe telala amasokera malaya.

Masiku ano mabwato a mpikisano amapangidwa m'mafakitale. Ena ndi otseka pamwamba, munthu amaloŵetsa miyendo m'kati. Ena, otchedwa surfski, munthu amakhala pamwamba poyera. Surfski ya akatswiri imapitirira mamita 6 m'litali, koma m'lifupi siikwana theka la mita, ndipo chiwongolero chake amachiyendetsa ndi mapazi. Ndi mabwato otere amene amapikisana pakati pa zilumba za Molokai ndi Oahu ku Hawaii, mtunda wa makilomita oposa 50, mpikisano umene Oscar Chalupsky wa ku South Africa anapambana maulendo 12. Koma ambiri mwa mabwato ameneŵa anapangidwa poganizira amuna a matupi akuluakulu, ndipo apa ndi pamene pagona vuto la mayi athu.

Amene munaphunzirako sayansi mukukumbukira lamulo la Archimedes: chinthu choyandama chimakankha madzi olemera mofanana ndi icho. Lita imodzi ya madzi imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Tiyerekeze kuti bwato analipangira munthu wa makilogalamu 90, koma lakweredwa ndi wa makilogalamu 55. Ndiye kuti paperewera makilogalamu 35, ndipo bwatolo silimira kufika pa muyeso umene mmisiri anafuna. Limangokhala pamwamba pa madzi ngati chipanda. Asodzi athu a ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay akuzidziŵa bwino zimenezi: bwato lopanda katundu, mwera umaliseŵeretsa kuposa lodzaza bwino. Chimodzimodzinso pa nyanja yamchere. Mbali ya bwato imene yatuluka m'madzi imasanduka thanga, mutu wake umatengeka ndi mphepo, ndipo mphamvu zimene wopalasa akadathamangira nazo zimathera pa kulibweza m'njira. Ena amaika mabotolo a madzi m'bwato kuti lilemere. Pophunzira zimathandizadi, koma pa mpikisano ndi kusenza katundu wopanda malipiro.

Chachiŵiri ndi kutalika. Ambiri amakhulupirira kuti bwato likatalika ndiye kuti ndi laliŵiro. Zimenezi ndi zoona kwa munthu amene ali ndi mphamvu zolifikitsa pa liŵiro lakelo. Koma bwato lalitali lili ndi mimba yaikulu yokhudzana ndi madzi, ndipo madzi amakoka paliponse pamene akhudza. Kwa munthu wochepa thupi, bwato lofupikirako ndi losakula mimba kaŵirikaŵiri limathamanga bwino koposa, limatembenuka msanga, ndipo limakwera mafunde mosavuta. Opanga mabwato anazindikira zimenezi. Kampani ya Epic, imene anaiyambitsa Greg Barton, amene anapata mendulo ziŵiri zagolide ku Seoul m'chaka cha 1988, inatulutsa bwato lotchedwa V10L la anthu opepuka. Nayonso kampani ya Fenn ya ku East London inatulutsa lake lotchedwa Spark. Choncho pogula, funsani kuti bwatolo analipangira munthu wolemera bwanji, ndipo sankhani limene kulemera kwanu kuli pakatikati pa muyeso wake, osati kumapeto.

Chachitatu ndi kukhazikika. Bwato lochepetsetsa m'lifupi ndi lokongola m'maso, ndipo pa madzi odekha limathamanga ngati muvi. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mipikisano ya pa nyanja yamchere imachitika pa mafunde. Pafupi ndi Cape Town, opalasa amakonda njira yochokera ku Miller's Point kukafika ku Fish Hoek, mtunda wa makilomita pafupifupi 12, ndipo amaidikira dala mphepo yamphamvu ya kum'mwera chakuvuma kuti iŵakankhe. Pa madzi otere, munthu amene akuopa kugubuduka amagwiritsa nkhafi ngati ndodo yotsamira m'malo mopalasira, ndipo mnzake wa bwato lotambalala pang'ono amangomudutsa. Bwato laliŵiro kwa inu ndi limene mungapalase ndi mphamvu zanu zonse popanda mantha.

Chachinayi ndi pokhalira. Mpando ukakula, thupi limaseseleka uku ndi uku, ndipo bwato silimva chimene chiuno chikulamula. Zimenezi mungakonze pomata tizidutswa ta siponji yolimba m'mbali mwa mpando. Koma ngati mapazi safika bwino popondera, kapena chitunda cha pansi pa maondo chikuletsa miyendo kuwongoka, bwatolo lisiyeni, chifukwa mphamvu ya kupalasa imayambira ku miyendo. Nkhafi nayonso ikhale yofupikirako ndi ya mitu yaing'ono, kuti mapewa asatope ulendo usanathe.

Chotsiriza ndi kulemera kwa bwato lenilenilo. Bwato la makilogalamu 16, kwa munthu wa makilogalamu 90, ndi katundu wochepa. Kwa mayi athu ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi lao. Mabwato a carbon amapepuka, ena kufika makilogalamu 10, koma mtengo wake ndi wokwera, ndipo amafuna kuŵasamala. Kumbukiraninso kuti bwato lopepuka, mukagwera m'madzi, mphepo imalithamangitsa kuposa mmene munthu angasambirire. Chifukwa chake musachoke pagombe popanda jekete yoyandamitsa ndi chingwe chomanga mwendo ku bwato. Pamenepa sitikukamba za kupambana mpikisano, koma za kubwerera kunyumba.

Tsono kwa inu mayi a ku Cape Town, yankho lathu ndi ili: cholakwa sichili ndi inu. Mwangovala malaya a mwini. Musathamangire kugula chifukwa cha dzina la bwato kapena chifukwa chakuti katswiri wina amapalasa lotero. Safunsa anadya phula. Bwerekani mabwato atatu kapena anayi kwa anzanu a m'kalabu, makamaka amene matupi ao akufanana ndi lanu. Liyeseni lililonse tsiku la mphepo, pafupi ndi gombe, anzanu ali pompo. Dzigwetseni dala m'madzi, muone ngati mungakwerenso mbali zonse ziŵiri, ngakhale mutatopa. Limene lidzakulolani kutero, ndi kukumverani mphepo ikuomba, limenelo ndiye lanu, ngakhale likhale logula kwa munthu wina.