Impso Zikafooka, Matenda a mu Ubongo Amabisala: Mau a Mnzathu wa Zachipatala pa Msonkhano wa Pachaka



Ndasankha nkhani ya impso chifukwa ambirife tafika pa msinkhu wa shuga ndi kuthamanga kwa magazi, matenda aŵiri amene amawononga impso mwakachetechete.

Impso zikaleka kusefa, zoipa zimachuluka m'magazi. Munthu amasanza, amangowodzera, nkumayankhula zosamveka. Chovuta nchakuti matenda oumitsa khosi amayambanso choncho. Tsono wodwala wa ku Malomo kapena ku Mvera akafika ali wosokonezeka, nkwapafupi kunena kuti "ndi impso zija," pamene tizilombo taloŵa kale mu ubongo. Mwina thupi silitentha nkomwe, poti chitetezo chatsika.

Kaŵirikaŵiri timaganizira TB kapena pneumococcus, amene katemera wake anayamba kuperekedwa kwa ana m'Malaŵi muno mu 2011. Koma pali ena aŵiri osoŵa amene amandisoŵetsa tulo.

Woyamba ndi Listeria. Amabwera ndi zakudya, makamaka nyama yokonzeratu ndi mkaka wosaŵiritsa, ndipo amaswana ngakhale mu furiji. Ku South Africa mu 2017 ndi 2018 anadwalitsa anthu oposa 1,000 kudzera mu poloni, ndipo oposa 200 anamwalira. Ceftriaxone, jekeseni amene timamdalira pa matenda oumitsa khosi, samupha ameneyu; amafuna ampicillin.

Wachiŵiri ndi Nocardia, wa m'dothi, dothi lomweli timalimamo fodya ndi mtedza. Amaloŵa ndi fumbi m'mapapo, kenaka nkukapanga chithupsa mu ubongo. Chifuwa chake chimafanana ndi TB, mwakuti munthu angamwe mankhwala a TB miyezi osachira. Ku labotale amachedwa kumera, ndipo dokotala akapanda kuuza anzake kuti adikire, mbale imatayidwa iye asanaoneke. Chodabwitsa nchakuti mankhwala ake akulu ndi Bactrim wamba uja, ngakhale kwa wa impso muyezo wake uyenera kuchepetsedwa ndi kuyang'aniridwa.

Tsopano pempho langa. Kuti tidziŵe za matenda oumitsa khosi, timatenga madzi a pamsana. Kwathu kuno ambiri amakana, ati jekeseni ameneyo amapha. Chimene chimapha ndi kuchedwa. Wodwala amakhala atafika kale mochedwa, jekeseni nkutenga mlandu. Inu ndinu amene abale amakuimbirani foni asanavomere kanthu kuchipatala, poti "munapita kusukulu." Dokotala akapempha, alimbikitseni avomere.

Ndipo m'bale amene amapita ku Kamuzu Central kukasefetsa magazi akayamba kudandaula mutu wosatha, kukomoka, kapena dzanja limodzi kufooka, musadikire tsiku lake la makina. Pitani naye tsiku lomwelo, buku lake la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa zili m'manja, a zitsamba omwe.